CIBWENZI CA PA NKHONDO NDI CIKONDWERERO CA MTENDERE

Nkhondo ikatha anthu akondwera. Aomba ng'oma, aliza mabelu, akazi alulutira, ndipo ana athamanga m'miseu ndi mbendera m'manja. Kutero sikulakwa ai. Munthu amene anasenza mtolo wolemera pa ulendo wautali sayamba wapempha cilolezo kuti apume atautula. Koma cikondwerero ciri ca tsiku limodzi, kapena masiku awiri. M'mawa mwace ng'oma zikhala cete, ndipo yense abwerera ku munda wace. Pamenepo litsala funso lakuti: Kodi nciani cimene anthu ayenera kusunga tsiku la cimwemwe litapita? Yankho lace ndi ili: ayenera kusunga cibwenzi cimene cinabadwa m'masautso, ndi kucikuza kufikira cifungatira ngakhale iwo amene anali adani. Mbiri ya nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 ionetsa bwino cifukwa cace.

Abwenzi awiri a pa nyanja

Masiku amenewo dziko la Malawi linali kuchedwa Nyasaland, ndipo linali m'manja mwa Angerezi. Tsidya lija la nyanja, ca kumpoto, kunali dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, kumene lero kuli Tanzania. Angerezi anali nayo sitima yao ya mzinga pa nyanjapo, dzina lace Guendolen, ndipo woiyendetsa anali Kaputeni Rhoades. Ajeremani naonso anali nayo yao, dzina lace Hermann von Wissmann, ndipo woiyendetsa anali Kaputeni Berndt. Amuna awiriwa anali mabwenzi. Pokomana m'madooko anali kucezerana, nadya ndi kumwa pamodzi.

Pamene nkhondo inabuka ku Ulaya mwezi wa Ogasiti, 1914, mau ace anafika msanga ku Zomba, ndipo Rhoades analamulidwa kuti akaononge sitima ya Ajeremani. Pa 13 Ogasiti anaipeza pa dooko la Sphinxhaven, limene lero lichedwa Liuli, ataikokera pamtunda kuti aikonze. Pomwepo anayamba kuiombera ndi mzinga. Koma Berndt anali asanamve kanthu za nkhondo. Anakwera m'ngalawa yaing'ono, napalasa kunka kwa bwenzi lace ali wokwiya, poyesa kuti mnzaceyo waledzera. Rhoades anamuuza kuti maiko ao ali pa nkhondo, namtenga akhale wandende. Mzinga wa Guendolen ulipo kufikira lero ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire.

Amuna awiri aja analibe mlandu pakati pao. Sanalandane munda, sanaberane mbuzi. Udani wao unacokera kutali, kwa mafumu amene sanaione konse nyanjayo. Ici ndico coipa coyamba ca nkhondo: isandutsa adani anthu amene alibe cifukwa ca kudana.

Zotere zinagweranso anthu akuda. M'caka ca 1911 Boma linathetsa gulu laciwiri la asilikari a King's African Rifles, ndipo amuna ambiri a m'Nyasaland, posowa nchito, anaoloka malire nalembedwa usilikari kwa Ajeremani. Cotero pamene nkhondo inayamba, napambana kuopsa pa Karonga pa 9 Seputembala, 1914, ana a dziko limodzi anapezeka mbali zonse ziwiri. Mwezi wa Novembala caka comweco Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a m'midzi alikufera mlandu umene suli wao, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Dandaulo lace linali la anthu ambiri amene sanadziwe kulemba.

Asilikari ndi amtengatenga

Makolo anaicha nkhondoyi Nkhondo ya Ciwaya, cifukwa mfuti yolira mosalekeza inali kuthetheka monga cimanga cokazinga m'ciwaya. Amuna a m'Nyasaland pafupifupi 19,000 anabvala zausilikari. Koma amene anasenza akatundu anali ocuruka koposa, pafupifupi 200,000. Amenewa ndiwo amtengatenga.

Anafunika ambiri cotere cifukwa miseu ya magalimoto inali yowerengeka, ndipo ng'ombe ndi akavalo anali kufa ndi nchenche za kashembe. Cakudya conse ca asilikari, zipolopolo, mankhwala ndi mahema zinayenda pa mitu ya anthu. Mtolo umodzi unali wa mapaundi 50 kapena 60. Ndipo popeza wamtengatenga ayenera kudya nayenso, ulendo ukatalika panafunikanso anthu ena osenza phoso la osenza anzao. Mafumu a m'midzi analamulidwa kupereka amuna, ndipo ambiri anatengedwa osafuna; ena anathawira m'chire, ena m'mapiri. Iwo amene anapita anakwera zitunda zozizira za kumpoto kwa nyanja opanda cofunda cokwanira, naoloka mitsinje yodzala nthawi ya dzinja. Kuyambira Novembala, 1917, pamene mkuru wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka Rovuma nalowa m'Mozambique, anamlondola m'menemonso miyezi yambiri. Zikwi za iwo zinafa, osati ndi cipolopolo, koma ndi kamwazi, malungo, cibayo ndi njala.

M'masautso amenewa munabadwa cinthu cimene akuru a nkhondo sanacilamule. Zaka zowerengeka m'mbuyomo mitundu ya m'dziko lino inali kuthirana nkhondo, ndipo ambiri a amunawo anakula akumva kwa agogo ao za malinga ndi za ukapolo. Tsopano Mcewa, Mngoni, Myao, Mlomwe ndi Mtonga anayenda mu mzere umodzi, naotha moto umodzi, natapa nsima m'mbale imodzi. M'magulu a asilikari a m'Nyasaland Cinyanja ndico cinali cinenero ca onse. Munthu akadwala pa njira, mnzace anali kumgawira madzi a m'cigubu cace, kapena kumpeputsira katundu. Akafa, mnzaceyo ndiye anali kumkwirira, nasunga mumtima malo ace ndi mau ace otsiriza, kuti akauze abale ace ku mudzi.

Cibwenzi cotere cisiyana ndi cibwenzi ca pa mowa. Pa mowa munthu apatsa mnzace cimene camcurukira. Pa nkhondo ampatsa cimene iye mwini alikucisowa. Akale anati, "Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako." Amtengatenga anauona mwambi umenewu ndi maso, pakuti wonyamula mnzace lero ndiye anali kunyamulidwa mawa. Pamenepo munthu sanafunse za mtundu wa mnzace kapena za mfunda wace. Anafunsa cokhaci, ngati ali wokhulupirika.

Tsiku la mtendere

Pa 11 Novembala, 1918, pa 11 koloko m'mawa, mfuti zinaleka kulira ku Ulaya. Mu mzinda wa London anthu anasiya nchito zao nadzaza m'miseu. Mabelu analira, anthu osadziwana anagwirana manja nabvina, ndipo khamu lalikuru linasonkhana pa nyumba ya Mfumu George V kufikira iye anaturuka kudzaonekera kwa iwo.

Koma kuno ku Afrika tsiku lomwelo anthu anali cikhalire pa ulendo wa nkhondo, osadziwa kanthu. Von Lettow-Vorbeck anali atalowa m'Northern Rhodesia, ndiyo Zambia ya lero, nalanda boma la Kasama. Pa 14 Novembala, m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, anakomana ndi mkuru wa Boma la Angerezi, nabvomera kuleka nkhondo. Pa 25 Novembala anafika ku Abercorn, kumene lero kuchedwa Mbala, natula zida pamodzi ndi asilikari ace akuda oposa 1,000. Motero mtendere unacedwa masabata awiri kufika kwa iwo amene anaufuna koposa.

Ndipo unafika pamodzi ndi mlendo woipa. Nthenda ya fuluwenza, imene inapha anthu ambirimbiri pa dziko lonse lapansi, inalowa m'Nyasaland kumapeto kwa caka comweco. Amuna ena amene anapulumuka zaka zonse za nkhondo anafera pa njira yobwerera kwao. M'midzi yambiri nkhokwe zinali zopanda kanthu, popeza olima anali kutali ndipo cimanga cinagulidwa ndi Boma kudyetsa asilikari. M'nyumba yina munali nthungululu cifukwa mwana wabwera. M'nyumba yoyandikana nayo munali maliro, cifukwa wobwerayo ndiye anadza ndi mau akuti mnzace anatsala.

Angerezi anacita cikondwerero cao cacikuru ca mtendere pa 19 Julaye, 1919, ndipo magulu a asilikari anaguba m'London. Koma okonza mwambowo anaimika pa mseu cikumbutso ca akufa, ndipo oguba onse anacicitira ulemu popita. Anthu anaunjika maluwa pamenepo masiku ambiri, kotero kuti Boma linamanganso cikumbutsoco ndi miyala, cikhale cosatha. Pa 11 Novembala caka comweco Mfumu inapempha anthu ace onse kuti aime cete mphindi ziwiri, mwambo umene unayamba kucitika ku Cape Town nkhondo iri mkati. Ng'oma za tsiku lija zinaiwalika, koma kukhala cete kuja kusungidwa caka ndi caka kufikira lero.

Maganizo awiri olakwa

Alipo ena amene anena kuti pakutha pa nkhondo sipayenera kukhala cikondwerero konse, popeza akufa ali ambiri. Mau ao ali ndi cifundo, koma sali oona onse. Mai amene mwana wace wabwera wamoyo sangathe kuletsedwa kululutira. Ngakhale pa maliro a m'mudzi, masiku a kulira akatha anthu ameta, naphika cakudya, nasekanso. Ndipo palibe wonena kuti potero anyoza wakufayo. Mtendere ndi cinthu cokoma, ndipo mtundu umene sudziwa kuukondwerera sudzadziwanso kuusamala.

Alipo enanso amene ayesa kuti cikondwerero ndico kunyadira kuti adani agonja. Awa alakwa koposa oyambawo. Wobvina cifukwa mnzace wagwa alikubzala mbeu ya nkhondo yina, pakuti wogonjayo ali nao ana, ndipo anawo adzakula ndi manyazi a atate ao mumtima. Akale anati, "Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe." Cikondwerero coyenera ndico ca kuti kuphana kwatha, ndipo cimeneco wopambana ndi wogonja akhoza kucicita pamodzi.

Mangawa atatu

Ng'oma zikaleka, otsala amoyo akhala ndi mangawa atatu, ndipo pa kubweza kwace mpamene padziwika ngati cikondwerero cao cinali coona.

Mangawa oyamba ali kwa anzao amene anasauka nao pamodzi. Amuna obwera ku nkhondo sanafune kuti cibwenzi cao cithe pa tsiku lolandira malipiro. Anafalitsa m'midzi magule otsanzira kuguba kwa asilikari: beni kwa Ayao, malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda m'maboma a pakati monga Dowa ndi Nkhotakota. Obvina aima m'mizere, abvala zoyera zocapa bwino, naomba zipanda m'malo mwa malipenga a mkuwa. Gulu la mudzi wina lipita kukabvina ku mudzi wina, ndipo eni mudzi alilandira ndi kuliphikira. Pano pali nzeru yaikuru. Anatenga mwambo, ukhondo ndi kumverana za usilikari, nasiya mfuti. Mpikisano ulipo, koma wogonja abwerera kwao wokhuta, wopanda bala.

Mangawa aciwiri ali kwa iwo amene aiwalika msanga. Ku Zomba kuli nsanja ya njerwa yokumbutsa asilikari a King's African Rifles. Nkoyenera ndithu kuti ikhalepo. Koma amtengatenga ambiri anaikidwa m'mbali mwa njira, popanda mwala kapena dzina, pamene Mzungu wakufa pa nkhondo yomweyo analembedwa dzina lace pa manda osamalika. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu akuda ambirimbiri sanakumbukidwe molingana ndi Azungu, ndipo linapepesa. Kupepesako kunali kwabwino, koma kunadza zitapita zaka zoposa 100, ana a amunawo atatha kufa. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga likakwera, sikuyenera kuyamika okhawo amene anaimirira kutsogolo. Pa cikondwerero ciri conse malo aulemu ayenera kupatsidwa kwa wosenza katundu, kwa wopunduka ndi kwa mkazi wamasiye.

Mangawa acitatu ndiwo obvuta koposa, pakuti ali kwa adani. Jan Smuts wa ku South Africa anatsogolera nkhondo ya Angerezi polimbana ndi von Lettow-Vorbeck m'caka ca 1916. M'caka ca 1929 amuna awiriwa anakomana ku London pa phwando la asilikari akale, nakhala mabwenzi. Ndipo pamene Mjeremaniyo anasauka itatha nkhondo yaciwiri, Smuts anamtumizira thandizo. Smuts yemweyo anacenjeza akuru anzace m'caka ca 1919 kuti pangano la mtendere la ku Versailles linalemetsa Ajeremani katundu woposa muyeso. Sanammvere. Cidani cinatsala m'mitima monga moto wa m'citsa, umene uoneka ngati wazima koma ulikunyeka pansi. Zitapita zaka 20, m'caka ca 1939, nkhondo yina yoposa yoyamba inabuka, ndipo ana a asilikari a Ciwaya anatengedwa kunka ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Anthu anakondweranso pa 8 Meyi ndi pa 15 Ogasiti, 1945, ndipo pa 8 Juni, 1946, asilikari a King's African Rifles anaguba nao m'miseu ya London.

Ulendo uno maiko ena anaphunzira. France ndi Germany anali atathirana nkhondo katatu m'zaka 75. M'caka ca 1963 atsogoleri ao, de Gaulle ndi Adenauer, analemba pangano la cibwenzi, napangana kuti anyamata ndi atsikana a maiko awiriwo azicezerana ndi kuphunzira cinenero ca anzao. Anadziwa kuti munthu salasa msanga mnzace amene anagona m'nyumba mwace ndi kudya cakudya ca amai ace. Kuyambira 1945 maiko awiriwo sanamenyanenso. Cimene mabelu a 1918 analephera kucita, cibwenzi cinacicita.

Cimene ana akhoza kucita

Kapena mwana wa sukulu adzati, "Izi nza mafumu ndi akuru a nkhondo, mwana wa m'mudzi alibe nazo kanthu." Si tero ai. Nkhondo zazing'ono zilipo m'midzi yonse. Abusa a mudzi uno alimbana ndi a mudzi uwo pa dambo lodyetsa ng'ombe. Sukulu ziwiri zipikisana pa mpira, ndipo opambana aimba nyimbo zonyoza kufikira miyala iyamba kuuluka. Mabanja awiri akangana pa malire a munda, ndipo ngakhale mfumu yaweruza mlandu pa bwalo, ana ao aleka kupatsana moni pa citsime. M'zonsezi lamulo liri lomwelo. Wopambana akondwere, koma ayambe ndiye kupereka dzanja kwa wogonja. Mnzace amene anaima naye pa tsiku lobvuta asamtaye zinthu zikakoma. Ndipo pogawa ulemu asaiwale wamng'ono uja amene anatunga madzi ndi kusunga zobvala za osewera.

Mwezi wa Novembala, pamene akuru a dziko aika nkhata za maluwa pa zikumbutso za nkhondo, naima cete mphindi ziwiri, ana naonso akhoza kufunsa agogo ao ngati m'banja mwao munali munthu amene anapita ku usilikari kapena ku mtengatenga. Dzina likapezeka, alilembe m'buku, pamodzi ndi mudzi wace ndi kumene anapita. Potero adzabweza pang'ono mangawa amene akuru anacedwa kubweza. Ndipo pakuona mganda ulikubvinidwa pa bwalo, akumbukire kuti amene anayamba kuguba motero anali amuna otopa, obwera kutali, amene anaona zoopsa zambiri, nasankha kubweretsa kwao cibwenzi ndi kusiya udani m'chire.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Kaputeni Berndt anakwiya pamene sitima yace inaomberedwa?
2. Amtengatenga anali ayani, ndipo anafunika ambiri cifukwa ninji?
3. Nkhondo inatha tsiku liti ku Ulaya, ndipo zida zinatulidwa tsiku liti ku Abercorn?
4. Chulani mangawa atatu amene atsala cikondwerero citapita.
5. Kodi sukulu yopambana pa mpira iyenera kucita ciani ndi sukulu yogonja?